Cifukwa cake cithunzi cimasintha mtundu cikacoka pa kompyuta kupita pa foni

Wojambula zithunzi za paukwati akhoza kucezera usiku wonse pa kompyuta yake, kukonza nkhope ya mkwatibwi kufikira khungu litaoneka monga momwe linalili pa tsiku la cikondwerero, koma m'mawa mwake eni ukwati atatsegula zithunzizo pa mafoni ao, n'kupeza mkwatibwi ali mbuu ngati wadzola phulusa. Mai wogulitsa zitenge pa msika wa Kamwala mu Lusaka naye akhoza kutumiza cithunzi ca citenge kwa wogula wa ku Chipata, koma katunduyo atafika pa basi, wogulayo n'kukana kulipira ponena kuti iye anasankha cofiira, osati ca mtundu wa lalanje. Pa milandu yotereyi kawirikawiri sipakhala wonama. Onse awiri amanena zimene maso ao anaona. Vuto limakhala m'njira imene makina amasungira mitundu ndi kuionetsera, ndipo mbali yaikulu ya vutoli munthu angathe kuithetsa popanda kugula cinthu ciriconse.

Coyamba cimene tiyenera kumvetsa ndi cakuti mkati mwa failo ya cithunzi mulibe utoto, mulibenso mtundu uliwonse. Muli manambala okhaokha. Kamera imagawa cithunzi m'timadontho tambirimbiri tochedwa mapikiselo, ndipo kadontho kalikonse kamalembedwa ndi manambala atatu, ina ya kufiira, ina ya kubiriwira, ina ya buluu. Ndiko kunacokera dzina lakuti RGB, pakuti awa ndi malembo oyambirira a mitundu itatuyi m'Cingerezi. M'zithunzi wamba za JPEG nambala iriyonse imayambira pa 0 kulekezera pa 255, kotero kuti pophatikiza zitatuzo pamatuluka mitundu yokwana 16,777,216. Kadontho kolembedwa 255, 0, 0 kakuuza sikirini kuti iyatse kufiira kufikira pamapeto ndi kuzima ziwiri zinazo. Kolembedwa 255, 255, 255 ndi koyera, ndipo ka 0, 0, 0 ndi kakuda bii.

Funso limene manambalawa sayankha ndi lakuti kufiira kwa pamapetoko ndi kufiira kotani. Sikirini iriyonse imapanga mitundu ndi tinyali kapena tosefera kuwala take take, ndipo zimenezi sizifanana. Pa laputopu yochipa kufiira kumalekezera pafupi, kumakhala kozirala. Pa foni yatsopano ya sikirini ya OLED kumafika patali, kumacita kuthobwa m'maso. Zonse ziwiri zikalandira 255, 0, 0 zimamvera lamulolo mokhulupirika, iriyonse n'kupereka zonse zimene iri nazo, koma cooneka cimakhala cosiyana.

Amene anali m'dziko muno pa 1 Januwale 2013 adzamvetsa msanga. Tsiku limenelo Bank of Zambia inacotsa maziro atatu pa ndalama, K1,000 yakale n'kusanduka K1 yatsopano, ndipo kwa miyezi isanu ndi umodzi ndalama zakale ndi zatsopano zinali kuyendera pamodzi. Masitolo anali kulemba mitengo iwiri pa katundu, watsopanowo uli ndi cizindikiro ca KR. Pepala longolembedwa 500 popanda cizindikiro linali losathandiza, cifukwa 500 yakale sikanagula ngakhale buledi, pamene 500 yatsopano inali yofanana ndi 500,000 yakale. Nambala payokha iribe mtengo kufikira itadziwika kuti ndi ya ndalama iti. Manambala a m'cithunzi nawonso alibe mtundu kufikira atadziwika kuti analembedwa pa muyeso uti.

Citupa cimene cithunzi cimayenda naco

Muyeso waukulu, umene ina yonse imayezedwera, unakhazikitsidwa mu 1931 ndi bungwe la CIE loona za kuwala ndi mitundu pa dziko lonse, pamene linatulutsa mapu a mitundu yonse imene diso la munthu wamba limatha kuona. Mu 1993 makampani asanu ndi atatu, pakati pao Adobe, Apple, Kodak ndi Microsoft, anayambitsa bungwe la International Color Consortium, ndipo bungweli linakonza kafailo kakang'ono kochedwa ICC profile. Ife tingakache kuti citupa. Citupaci cimaikidwa mkati mwa cithunzi, ndipo cimanena kuti kufiira, kubiriwira, buluu ndi kuyera kwa cithunzico ziri pati pa mapu a CIE. Sikirini nayo iri ndi citupa cake cofotokoza zimene ingathe. Pulogalamu yodziwa nchito yake imawerenga zitupa zonse ziwiri, n'kusintha manambala isanawatumize ku sikirini, kuti mtundu wotuluka ukhale uja amene wojambula anafuna. Ciriconse cimene cimasokonekera pa nkhani ya mitundu cimacokera pa malo atatu: cithunzi cataya citupa, pulogalamu sinawerenge citupa, kapena sikirini sikufanana ndi zimene citupa cake cikunena.

Muyeso wofala koposa yonse ndi sRGB, umene makampani a HP ndi Microsoft anapanga mu 1996, ndipo mu 1999 bungwe la IEC linauvomereza kukhala wa dziko lonse. Anaupanga potsatira masikirini a masiku amenewo, aja a cimsana cacikulu, ndipo mitundu yake itatu yoyambirira ndi yofanana ndi ya Rec. 709, muyeso wa wailesi ya kanema ya HD wa mu 1990. Kuyera kwake kumachedwa D65, kumene kuli pafupifupi makelvin 6,500, kofanana ndi kuwala kwa masana. Muyesowu ndi waung'ono ndithu, pakuti umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mitundu imene diso limaona. Mphamvu yake iri pakuti aliyense amaudziwa. Malamulo a masamba a pa intaneti amanena kuti cithunzi copanda citupa ciyenera kuwerengedwa ngati ca sRGB, ndipo makina ambiri amene sawerenga zitupa konse anapangidwa moti manambala a sRGB azioneka pafupi ndi zoona.

Palinso miyeso ina yokulirapo. Adobe RGB ya mu 1998 inakulitsa mbali ya kubiriwira pofuna kuthandiza osindikiza mabuku ndi magazini, ndipo imatenga pafupifupi theka la mitundu yooneka. ProPhoto RGB, yocokera ku Kodak, ndi yaikulu kwambiri moti ina mwa manambala ake amaimira mitundu imene diso la munthu silingaone n'komwe, ndipo pulogalamu ya Lightroom imagwira nchito mkati mwake ndi mitundu yoyambirira ya muyeso umenewu. Waposacedwa ndi Display P3, umene Apple inatenga ku muyeso wa mafilimu a m'nyumba za kanema n'kuuika pa makompyuta a iMac mu 2015 ndi pa iPhone 7 mu 2016. Umaposa sRGB ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai, makamaka pa kufiira ndi kubiriwira, ndipo lero mafoni ambiri apamwamba ali ndi masikirini ofika pa muyeso umenewu.

Tiyeni tione ndi manambala eni ake zimene zimacitika citupa cikasowa. Kufiira kwenikweni kwa sRGB, kuja kwa 255, 0, 0, mu Adobe RGB kumalembedwa pafupifupi 219, 0, 0, cifukwa m'muyeso waukulu kufiirako sikufika pamapeto. Kubiriwira kwenikweni kwa sRGB, 0, 255, 0, mu Adobe RGB kumalembedwa pafupifupi 144, 255, 60. Tsopano cithunzi ca Adobe RGB cikafika pa makina amene sanaone citupa cake, makinawo amawerenga 219 ngati 219 ya sRGB, ndiye kuti kufiira kocepera, ndipo 144, 255, 60 amakuonetsa ngati kubiriwira kosuluka kopendekera ku cikasu. Cithunzi conse cimaoneka ngati nsalu yocapidwa kambirimbiri. Cikakhala ca ProPhoto RGB zimaipa koposa, khungu la munthu limatuwa n'kukhala ngati la wodwala. Umu ndi mmene mkwatibwi uja anadzolera phulusa.

Cosiyana naco cimacitikanso. Cithunzi ca sRGB cikaonetsedwa pa sikirini ya mitundu yambiri ndi pulogalamu yosawerenga zitupa, 255 imatengedwa ngati pamapeto pa sikiriniyo. Kufiira kumayaka ngati moto, udzu umabiriwira mopitirira muyeso, nkhope zimacita psuu. Pulogalamu yodziwa nchito ikanatumiza pafupifupi 234, 51, 35 ku sikirini ya Display P3 kuti kufiira kwa sRGB kuoneke momwe kuliri. Motero maonekedwe a colakwika amaulula okha kumene cacokera. Cithunzi cikazirala, kaikirani failo, kuti mwina inatuluka m'muyeso waukulu. Cikapsa mopitirira, kaikirani sikirini kapena pulogalamu imene mukuonerapo.

Pa kamera ndi potulutsa cithunzi

Ojambula ambiri ongoyamba kumene amagwa m'mbuna imodzi. Akatsegula ndandanda ya zosankha pa kamera n'kuona sRGB ndi Adobe RGB, amamva kuti yaciwiriyo ndi yaikulu ndipo amaisankha, poganiza kuti cacikulu ndico cabwino. Kwa munthu amene zithunzi zake zimathera pa WhatsApp, pa Facebook ndi pa makina otsukira zithunzi a m'tauni, kusankha kumeneku ndi kudziputira mavuto popanda phindu. Pali njira yapafupi yodziwira zimene kamera inacita. Pa makamera ambiri, dzina la failo ya Adobe RGB limayamba ndi kamzere ka pansi. Pa Canon, IMG_ imasanduka _MG_, ndipo pa Nikon, DSC_ imasanduka _DSC. Wojambula m'mafailo a RAW asavutike ndi cosankha cimeneci, pakuti failo ya RAW imasunga zimene kamera inalandira zisanaikidwe pa muyeso uliwonse, ndipo muyesowo umasankhidwa pambuyo pake pa kompyuta.

Pamene pagona nkhani ndi pa nthawi yotulutsa cithunzi mu pulogalamu. Kukonzera cithunzi m'muyeso waukulu si kulakwa, ndi nzeru ndithu, cifukwa mitundu simadulidwa msanga, ndipo cithunzi coyambirira ciyenera kusungidwa momwemo ngati TIFF kapena PSD. Koma cithunzi copita kwa anthu citulutsidwe mu sRGB, citupa cake ciri momwemo. Mu Lightroom, pa zenera la Export pali malo olembedwa Color Space, ndipo pamenepo posankha ndi sRGB. Mu Photoshop muli malamulo awiri ofanana maina amene asokoneza anthu osawerengeka, Convert to Profile ndi Assign Profile. Loyambalo liri ngati kupita kosinthitsa ndalama: mumapereka madola, amakupatsani makwacha, manambala asintha koma mtengo uli womwewo. Laciwirilo liri ngati kufufuta cizindikiro ca dola pa pepala n'kulembapo K, nambala n'kuisiya momwe inalili. Loyamba limasunga mtundu, laciwiri limausintha. Assign Profile liri ndi nchito yake, yomwe ndi kubwezera citupa coyenera pa cithunzi cimene cafika copanda citupa, koma si lamulo lotulutsira cithunzi. Mukatha kusintha, onetsetsani kuti kabokosi ka Embed Color Profile kali kocongedwa.

Ena amacotsa zonse zobisika m'failo pofuna kuicepetsa, kapena pofuna kubisa malo amene cithunzi cinajambulidwira. Kubisa malo n'koyenera, makamaka pa zithunzi za ana ndi za panyumba, koma mapulogalamu ena pocotsa zimenezo amatayira kumodzi ndi citupa ca mitundu. Apa mpamene sRGB imaonetsa ubwino wake waukulu, pakuti ndiwo muyeso wokha umene cithunzi cingataye citupa cake n'kukafikabe ciri bwino. Kampani ya Facebook inaona kufunika kwa citupa kalekale, moti mu 2012 inapanga citupa cacing'ono ca sRGB coika pa zithunzi zake m'malo mocitaya. Masiku ano Safari, Chrome, Firefox ndi Edge zimawerenga zitupa za m'zithunzi, ndiye vutoli lacepa poyerekeza ndi zaka za m'mbuyo. Latsalira pa mapulogalamu ena a pa foni, pa wailesi ya kanema imene mwalumikizako fulashi, pa pulojekita ya paukwati ndi pa makina ena otsukira zithunzi, ndipo wojambula sangadziwiretu kuti cithunzi cake cikathera pati.

Za WhatsApp tinene mwacidule. Pulogalamuyi imapanikiza cithunzi kuti cisadye mabando ambiri a intaneti, ndipo kupanikizako kumaononga timizere tating'ono ndi m'mphepete mwa mitundu yowala. Mu 2023 inawonjezera batani la HD, limene limacepetsa kuonongekako koma silikuthetsa. Wofuna kuti failo ikafike monga momwe anaitulutsira aitumize ngati Document. Ndipo kujambula sikirini ya foni n'kutumiza cotulukaco si kutumiza cithunzi, ndi kutumiza cithunzithunzi ca zimene sikirini imodzi inaonetsa.

Sikirini yonena zoona

Failo ikhoza kukhala yolongosoka m'zonse koma cithunzi n'kukhalabe colakwika, ngati sikirini imene munakonzerapo inali kukunamizani. Acikulire akukumbukira mizere ya mitundu imene inali kuima pa wailesi ya kanema mapulogalamu asanayambe. Ana anali kuiyesa cokongoletsa, koma inali cida ca amisiri coyezera ngati cikasu cikutuluka cikasu ndipo kuyera kukutuluka koyera. Vuto la mitundu yosokonekera panjira ndi lakale m'nchito youlutsa zithunzi. Njira ya NTSC ya ku America ya mu 1953 inali yochuka ndi kusinthasintha mitundu, moti mawailesi a kanema a kumeneko anali ndi kabatani kokonzera nkhope zikabiriwira, ndipo njira ya PAL, imene Walter Bruch anapanga ku kampani ya Telefunken ku Germany m'zaka za m'ma 1960, inapangidwa makamaka kuti ithetse vuto limeneli. Amisiri a kanema sanakhulupirirepo maso ao okha, ndipo wokonza zithunzi alibe cifukwa cowaposera kudzidalira.

Bodza loyamba la sikirini ndi kuwala. Kuwala kwa sikirini kumayezedwa ndi muyeso wochedwa nit. Muyeso wa sRGB unalembedwa poganizira sikirini ya manit 80, ndipo okonza zithunzi ambiri amaika zao pakati pa 80 ndi 120. Koma masikirini ambiri amacoka ku sitolo akuwala kuposa pamenepo kawiri kapena katatu, kuti akope maso a ogula, ndipo mafoni atsopano padzuwa amapitirira manit 1,000. Wokonzera pa sikirini yowala kwambiri amaona ngati cithunzi cayera mokwanira, nthawi zina amacidetsanso, ndipo cikatsukidwa pa pepala kapena kuonedwa pa sikirini ina cimatuluka camdima, suti yakuda ya mkwati n'kusanduka cidontho cimodzi copanda mapindo. Mankhwala ake ndi kutsitsa kuwala, kuzimitsa cija cosintha kuwala cokha, ndi kuphunzira kuwerenga histogram, kacithunzi kangati mapiri kamene kamaonetsa kucuruka kwa madontho akuda ndi oyera. Histogram imawerenga manambala a m'failo, siisamala kuti sikirini yawala motani.

Bodza laciwiri ndi kuyera. Mafoni ndi makompyuta a masiku ano ali ndi zosankha zofiiritsa sikirini usiku kuti maso apume, Night Shift pa zida za Apple kuyambira mu 2016, Night light pa Windows kuyambira mu 2017, ndi zofanana nazo pa Android. Apple irinso ndi True Tone, imene imasintha kuyera kwa sikirini motsatira kuwala kwa m'cipinda. Zonsezi n'zabwino powerenga uthenga pabedi, koma pokonza zithunzi ndi adani. Sikirini ikapendekera ku cikasu, inu mudzawonjezera buluu kuti cithunzi cioneke bwino, ndipo mawa lake masana diresi loyera la mkwatibwi lidzakhala la buluu. Pa mafoni a Samsung pali cosankha ca Screen mode cokhala ndi Vivid ndi Natural. Vivid imakometsera mitundu yonse mwadala, Natural ndiyo iri pafupi ndi zoona, ndipo mafoni a makampani ena ali ndi zosankha zofanana pansi pa maina ena. Anthu ambiri sanatsegulepo malo amenewa cigulireni foni.

Amene amadya za kamera, amene cithunzi ndico cimalipira lendi ndi sukulu ya ana, afunika kacipangizo koyezera sikirini. Odziwika ndi Spyder wa kampani ya Datacolor ndi a kampani ya Calibrite, imene mu 2021 inatenga zida za ojambula zimene kale zinali kugulitsidwa ndi X-Rite. Kacipangizoka kamapacikidwa pa sikirini, pulogalamu yake n'kuonetsa mitundu mmodzimmodzi, iko n'kumayeza cimene catulukadi, ndipo pomaliza pamalembedwa citupa catsopano ca sikirini imeneyo yokha. Zofunika kusankha ndi kuyera kwa D65, gamma 2.2 ndi kuwala kwa manit pafupifupi 120 kapena kucepera. Sikirini iyambe yayaka kwa mphindi 30 isanayezedwe, ndipo popeza imakalamba n'kumasintha, kuyezako kubwerezedwe mwezi ndi mwezi kapena pakapita miyezi yocepa. Kacipangizoka n'kodula, koma sikagwira nchito tsiku ndi tsiku, ndiye palibe coletsa ojambula asanu kapena khumi a m'dera limodzi kusonkherana n'kugula kamodzi. Cimene sikangacite ndi kupatsa sikirini mitundu imene iribe. Laputopu imene siifika ngakhale pa sRGB yathunthu idzakhalabe yoperewera, kungoti tsopano idzakhala yoperewera mosanama.

Pali zina ziwiri zazing'ono za malaputopu. Masikirini ochipa a mtundu wa TN amasintha kuwala ndi mitundu mukangoweramitsa civundikiro pang'ono kapena kusuntha mutu, pamene a IPS sasintha kwambiri. Ndipo magetsi akazima, laputopu n'kuyamba kudya batire, yambiri imadzicepetsera kuwala yokha. Zithunzi za ukwati umodzi, theka lokonzedwa magetsi alipo ndi theka lina mumdima pa batire, zimatuluka ngati za maukwati awiri.

Diso nalo liri ndi zake

Mu Febuluwale 2015 cithunzi ca diresi lina, limene mai wina anafuna kuvala pa ukwati wa mwana wake ku Scotland, cinagawa anthu pa dziko lonse. Ena anali kuona diresi la buluu ndi lakuda, ena loyera ndi la golide, ndipo ambiri mwa otsutsanawo anali kuyang'ana pa sikirini imodzimodzi. Diresilo, la kampani ya Roman Originals, linalidi la buluu ndi lakuda. Cimene cinacitika ndi cakuti ubongo wa munthu umayamba waganiza kaye za mtundu wa kuwala kumene kwagwera pa cinthu, n'kukucotsera, kenaka n'kutiuza mtundu wa cinthuco. Cithunzico sicinaonetse bwino kuti kuwala kunali kotani, ndipo ubongo wa aliyense unadzisankhira. Ngati anthu angasiyane cotero pa sikirini imodzi, cipinda cimene mukukonzeramo zithunzi si nkhani yaing'ono. Nyali ya magetsi yacikasu, khoma la utoto wobiriwira, makatani ofiira amene dzuwa likudutsamo, zonsezi zimapotoza maso pang'onopang'ono inu osadziwa. Cipinda cabwino ndi ca kuwala kofatsa kosasinthasintha, makoma oyera kapena otuwa, dzuwa losagunda pa sikirini, ndipo kumbuyo kwa cithunzi mu pulogalamu kukhale kotuwa. Maso akatopa amazolowera colakwika, ndiye n'kwanzeru kuimirira, kuyang'ana panja kwa kanthawi, n'kubwerera kudzaciona mwatsopano.

Pamene colakwika cimaonekera msanga koposa ndi pa khungu. Thambo likhoza kupendekera pang'ono ku buluu wina popanda wodandaula, koma nkhope ya mai ake munthu amaidziwa. Kwa ife a khungu lakuda nkhaniyi iri ndi mbiri yake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inali kutumizira otsuka zithunzi khadi loyezera makina ao, lochedwa Shirley card, ndipo pa khadilo panali mkazi wa khungu loyera. Makina akatulutsa bwino nkhope imeneyo, anali kuyesedwa olongosoka. Lorna Roth wa pa yunivesite ya Concordia ku Canada, m'kafukufuku wake wa mu 2009, analemba kuti zina mwa zimene zinakakamiza kampaniyo kukonza mafilimu ake pa mitundu yoderako zinali madandaulo a opanga mipando ya matabwa ndi opanga cokoleti, amene katundu wao sanali kuoneka bwino pa zithunzi zotsatsira malonda. Khadi lokhala ndi akazi a makungu osiyanasiyana linadzatuluka m'zaka za m'ma 1990. Phunziro la nchito kwa wojambula wa lero ndi lakuti asadalire batani la Auto kapena zokometsera zogula pa intaneti, zimene zambiri zinayesedwa pa nkhope zina. Asunge zithunzi zake ziwiri kapena zitatu za anthu a makungu osiyana, zimene anaziona kuti zinatuluka bwino pa mafoni ambiri ndi pa pepala, ndipo aziziika pambali pa cithunzi catsopano poyerekeza.

Zaka zaposacedwapa zabweretsa cosokoneza cina, zithunzi za HDR. Mafoni a iPhone, ndi a Android kuyambira pa Android 14 ya mu 2023 ndi njira yochedwa Ultra HDR, amasunga m'failo imodzi cithunzi wamba pamodzi ndi mapu ena obisika ouza sikirini malo oyenera kuwalitsa koposa. Pa foni imene inajambula, dzuwa ndi nyali za m'cithunzi zimacita kunyezimira. Pa makina kapena pulogalamu yosadziwa mapuwo pamaoneka cithunzi wamba cija cokha, ndipo mwini wake amaganiza kuti caonongeka panjira. Sicinaonongeke. Ngati simukudziwa kumene cithunzi cikupita, ciweruzeni HDR itazimitsidwa, pakuti umo ndi mmene ambiri adzacionera.

Kutsuka pa pepala ndi nkhani ina yaitali. Pano tingonena kuti pepala silitulutsa kuwala, limangobweza kumene lalandira, ndiye silingafanane ndendende ndi sikirini, ndipo musanatsukitse zithunzi 300 yambani ndi zitatu, mutafunsa eni makina kuti amafuna muyeso uti. Ambiri adzayankha kuti sRGB.

Zonsezi zitacitika, foni ya wolandira cithunzi ikhalabe m'manja mwa mwini wake. Ikhoza kukhala pa Vivid, ikhoza kukhala yofiiritsidwa usiku ndi usana, galasi lake likhoza kukhala losweka, ndipo palibe cosankha ca mu Photoshop cimene cingafike kumeneko. N'cifukwa cake kukonza cithunzi kuti cikomere foni imodzi, ngakhale ya mwini ukwati, n'kulakwitsa, pakuti cidzaipa pa mafoni ena onse. Cokonzera ndi muyeso, ndipo musanatumize mazana a zithunzi, dzitumizireni cimodzi kudzera njira yomweyo imene wolandira adzacilandirire, n'kuciona pa mafoni awiri kapena atatu a makampani osiyana. Kusiyana pang'ono kudzakhalapo. Cofunika kuona ndi cakuti khungu likhale khungu pa onsewo.

Mai wa zitenge uja alibe Photoshop ndipo sakuifuna. Iye atulutse citenge m'sitolo, pansi pa nyali za magetsi, acijambulire panja pamthunzi masana, osati padzuwa lamphamvu, osati pansi pa ambulera ya mtundu, zokometsera za kamera zitazimitsidwa. M'mphepete mwa citengeco aikepo pepala loyera lopanda malembo kuti lilowe nalo m'cithunzi. Kamera imapeza poyambira poyeza kuyera, ndipo wogula wa ku Chipata, akaona pepalalo likuoneka lacikasu kapena labuluu pa foni yake, adzadziwa kuti citengeco naco capendekera komweko asanatumize ndalama.